Kodi Kwame Nkrumah anali wolamulira mwankhanza, kapena anachita kugwetsedwa ndi akunja? Mafunso ndi mayankho

Dzina la Nkrumah, mtsogoleri woyamba wa Ghana, likatchulidwa pagulu, anthu amagawikana pawiri nthawi yomweyo. Ena amati ameneyu ndiye tate wa ufulu wa Africa, ndipo akazitape a ku America ndi amene anamudya. Ena amati ayi, munthuyu anatsekera anzake m'ndende osawazenga mlandu, ndipo Aghana eni ake anavina m'misewu tsiku limene anagwa. M'munsimu muli mafunso amene amabwera kawirikawiri pa mkangano umenewu, ndi mayankho ake.

Poyamba, Nkrumah anafika bwanji pampando?

Anabadwira ku Nkroful m'chaka cha 1909, dziko la Ghana likutchedwabe Gold Coast. Anakaphunzira ku America, pa Lincoln University, kenako anapita ku London mu 1945. Chaka chomwecho anali mmodzi mwa okonza msonkhano wa anthu akuda ku Manchester, kumene kunalinso Jomo Kenyatta ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Kwawo anachita kuitanidwa. Gulu la United Gold Coast Convention, limene ankalitsogolera anthu ophunzira monga loya wotchuka Dr. J.B. Danquah, linkafuna mlembi wamkulu, ndipo Ako Adjei, mnzake wa ku Lincoln, ndiye anatchula dzina lake. Mayina awiriwa musawaiwale, tikumana nawonso kundende. Nkrumah anafika kumapeto kwa 1947, koma sanakhalitse m'gululo. Akuluakuluwo ankafuna ufulu wobwera pang'onopang'ono, iye ankati ufulu ubwere lero. Mu 1949 anayambitsa chipani chake cha Convention People's Party, CPP. Atsamunda anam'tsekera mu 1950, chipani chake chinapambana chisankho cha 1951 iye ali m'ndende, ndipo bwanamkubwa analibe kuchitira mwina koma kum'tulutsa kuti akatsogolere boma. Pa 6 Malichi 1957 Ghana inalandira ufulu wodzilamulira.

Choncho pa funso loti kaya anthu anam'sankha, palibe chokayikitsa. Anam'sankha, mobwerezabwereza, azungu akuyang'anira mabokosi.

Nanga mawu oti "wolamulira mwankhanza" akuchokera pati?

Akuchokera m'malamulo amene boma lake linakhazikitsa, ndipo anayamba msanga kuposa momwe om'konda amavomerezera. Mu 1957 momwemo munabwera lamulo lopirikitsa anthu m'dziko, ndi lina loletsa zipani zozikidwa pa mtundu, chigawo kapena chipembedzo. Lachiwirili linali ndi chifukwa chomveka, poti a ku Ashanti ankafuna boma la zigawo ndipo ku Kumasi kunali kutachitika ziwawa zoopsa. Koma mu 1958 kunabwera Preventive Detention Act, lamulo lolola boma kutsekera munthu mpaka zaka zisanu popanda kum'tengera kukhoti. Amalawi a zaka zochulukirapo safunika kuwamasulira tanthauzo la ditenishoni. Munthu sauzidwa tsiku lotuluka, palibe loya, palibe apilo. Pambuyo pake lamulolo analikonzanso kuti zaka zisanuzo zikatha munthu azitha kupitirizabe kukhala m'kati. Mtsogoleri wa otsutsa, Dr. Kofi Busia, anathawa m'dziko mu 1959.

Mu Seputembala 1961 ogwira ntchito zanjanji ndi padoko ku Sekondi-Takoradi ananyanyala ntchito podandaula ndi bajeti imene inkawadula malipiro mokakamiza m'dzina losunga ndalama. Amenewa anali anthu omwe anamunyamula pamapewa nthawi ya atsamunda. Atsogoleri awo anamangidwa, ndipo Dr. Danquah anamangidwira limodzi. Anatuluka mu 1962, anam'gwiranso mu Januwale 1964, ndipo pa 4 Febuluwale 1965 anafera m'ndende ya Nsawam ali ndi zaka 69, wodwala, wosazengedwa mlandu uliwonse. Munthu amene anam'lemba Nkrumah ntchito yoyamba ya ndale kwawo.

Nkhani imene imandivuta kwambiri ine ndi ya oweruza. Pa 1 Ogasiti 1962, pamudzi wa Kulungugu kumpoto kwa dzikolo, munthu anaponya bomba pamene Nkrumah anaima kuti alonjere ana asukulu. Anapulumuka, ngakhale anavulala. Amene anamangidwa pa mlanduwu anali anthu ake enieni: nduna ziwiri, Tawia Adamafio ndi Ako Adjei uja, pamodzi ndi mkulu wa chipani Cofie Crabbe. Mu Disembala 1963 khoti lapadera la oweruza atatu linawapeza osalakwa. Nkrumah anachotsa ntchito mkulu wa oweruza onse, Sir Arku Korsah, Nyumba ya Malamulo inafafaniza chigamulocho, mlandu unazengedwanso, ndipo ulendo uno atatuwo anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho anachisintha kukhala zaka 20 m'ndende. Khoti likangololedwa kunena zimene mfumu ikufuna kumva, ndiye kuti khoti palibe.

Mwezi wotsatira, Januwale 1964, kunachitika riferendamu yofunsa ngati Ghana ikhale ya chipani chimodzi komanso ngati pulezidenti apatsidwe mphamvu zochotsa oweruza. Zotsatira zake: 99.91 peresenti ati inde. Chikomekome cha mkuyu. Ngakhale m'banja la anthu khumi simugwirizana chotero pa nkhani ya ndiwo. Mu 1965 chisankho cha aphungu sichinavotedwe n'komwe, anthu onse 198 a CPP anangolengezedwa kuti apambana popanda opikisana nawo.

Koma si ankafuna kumupha? Akanatani?

Funso ili ndi lolemera ndipo siliyenera kukankhidwira pambali. Ankafunadi kumupha. Pambuyo pa Kulungugu mabomba ena anaphulika mu Accra ndipo anthu wamba anafa. Pa 2 Januwale 1964 wapolisi amene ankalondera ku Flagstaff House (nyumba ya pulezidenti), Seth Ametewee, anamuombera pafupi, zipolopolo zinapha mlonda wake Salifu Dagarti. Nkrumah analinso ataona zimene zinam'chitikira Patrice Lumumba ku Congo mu Januwale 1961, ndi Sylvanus Olympio wa dziko loyandikana nalo la Togo mu Januwale 1963. Mantha ake sanali a maloto.

Vuto ndi zimene mantha aja anabala. Lamulo la ditenishoni linalipo kale zaka zinayi bomba la Kulungugu lisanaponyedwe. Ndipo litangokhalapo, linasanduka ndodo ya aliyense wa chipani amene anali ndi mkwiyo ndi mnzake. Nkrumah anayamba kudzitsekera, osaonekaoneka pagulu, akumva za dziko kudzera mwa anthu amene mimba zawo zinkadalira kumusangalatsa. Analanda apolisi mfuti ndi kuchotsa akuluakulu awo. Anakulitsa gulu la asilikali omulondera iye yekha, ophunzitsidwa ndi alangizi a ku Soviet Union, okhala ndi zida zabwino pamene asilikali ena onse ankadandaula za nsapato ndi yunifolomu. Mu 1965 anapumitsa akuluakulu awiri a asilikali, Otu ndi Ankrah. Chilichonse chimene anachita podziteteza chinam'pangira adani atsopano, ndipo ambiri mwa iwo anali onyamula mfuti.

Ndiye tim'yike gulu limodzi ndi Idi Amin kapena Mobutu?

Ayi. Ku Ghana kunalibe mitembo yoyandama m'mitsinje ngati ku Uganda, ndipo Nkrumah sanamange nyumba zachifumu ku Ulaya ngati Mobutu. Katangale analipo, ndipo nduna zake zina zinalemera moonetsera, koma ndalama zambiri za boma zinapita ku zinthu zimene mpaka lero zikuoneka: damu la Akosombo, doko ndi tauni ya Tema, msewu waukulu wa Accra mpaka Tema, mayunivesite a ku Kumasi ndi Cape Coast, masukulu a sekondale m'zigawo zimene atsamunda sanazilabadire. Nkhanza zili ndi misinkhu. Koma mkazi amene mwamuna wake anakhala zaka ku Nsawam popanda mlandu simungam'tonthoze pomuuza kuti magetsi a ku Akosombo akuyaka.

Panalinso kupembedza munthu. Ankatchedwa Osagyefo, kutanthauza mpulumutsi pa nkhondo. Nkhope yake inali pa ndalama ndi pa masitampa, chiboliboli chake chinaima kutsogolo kwa Nyumba ya Malamulo iye akadali moyo, ndipo ana a m'gulu la Young Pioneers ankaloweza mawu om'tamanda.

Tsiku limene anagwa linayenda bwanji?

Anachoka ku Accra pa ulendo wopita ku Hanoi, kumene ankati akayese kuyanjanitsa mbali zomenyana pa nkhondo ya Vietnam. Mbandakucha wa pa 24 Febuluwale 1966, asilikali otsogozedwa ndi Colonel Emmanuel Kotoka ndi Major Akwasi Afrifa, mogwirizana ndi mkulu wa apolisi John Harlley, analanda wailesi ndi kuzinga Flagstaff House. Omulondera aja analimbana kwa maola angapo, kenako anagonja. Nkrumah anamva nkhaniyi atatera ku Beijing. Mpando unapatsidwa kwa Ankrah, yemwe uja anam'pumitsa miyezi ingapo m'mbuyomo.

Mu Accra anthu anatuluka m'misewu kukondwera, chiboliboli chija anachigwetsa n'kuchidula mutu, ndipo zitseko za ndende zitatsegulidwa munatuluka anthu mazanamazana. CPP, chipani chimene chinkati chili ndi anthu 99 pa 100 alionse, chinasungunuka ngati mchere m'madzi. Nduna zina zimene zinali naye pa ulendowo zinam'thawa zisanafike n'komwe kwawo. Damu la Akosombo anali atalitsegulira mwezi umodzi wokha m'mbuyomo.

Kodi CIA, bungwe la akazitape la America, inatengapo mbali? Umboni wake ndi wotani?

Apa ndi pamene pamafunika kusamala, chifukwa mbali zonse ziwiri zimakonda kuwonjezera mchere.

Boma la America linatulutsa makalata ake achinsinsi a nthawi imeneyo patapita zaka zoposa 30. Mwa iwo muli kalata ya pa 27 Meyi 1965, imene Robert Komer, mlangizi ku White House, analembera bwana wake McGeorge Bundy. Anamuuza kuti posachedwa ku Ghana kukhoza kuchitika kulanda boma kokomera mayiko a azungu, kuti okonza chiwembuwo akuwadziwitsa Aamerika zimene zikuchitika, ndiponso kuti ngakhale iye wauzidwa kuti America sikukhudzidwa mwachindunji, America ndi mayiko ena, kuphatikizapo France, akuthandiza kukonza bwalo ponyalanyaza pempho la Nkrumah la thandizo la chuma. Imeneyi ndi miyezi isanu ndi inayi boma lisanagwe. Litagwa, Komer yemweyo analembera Pulezidenti Lyndon Johnson kuti zimenezi ndi mwayi wongowagwera, ndipo analimbikitsa kuti boma latsopanolo lithandizidwe msanga.

Mu 1978 John Stockwell, amene anagwirapo ntchito mu CIA, analemba kuti ofesi ya bungweli ku Accra inali pafupi kwambiri ndi okonza chiwembuwo, ndipo m'kati mwa CIA ofesiyo inayamikiridwa chifukwa cha kugwa kwa Nkrumah. Chaka chomwecho mtolankhani Seymour Hersh analembanso za nkhaniyi mu New York Times. Mkulu wa ofesiyo anali Howard Bane.

Ndiye zodziwika ndi izi: ankadziwa, ankakambirana ndi ochita chiwembu, anamana dzikolo thandizo mwadala kuti zinthu zithine, ndipo anasangalala. Koma amene anakwera magalimoto ankhondo usiku umenewo kuchokera kumpoto anali Aghana, ali ndi madandaulo awoawo. Kumudzi amati mfiti yakutali silowa m'nyumba popanda wa m'banjamo woitsegulira chitseko.

Chinawapweteka n'chiyani azunguwo?

Sikunali kufa kwa Danquah. Inali nthawi ya mkokemkoke wa America ndi Soviet Union, ndipo Nkrumah ankaoneka kuti wapendekera kum'mawa: alangizi a ku Russia, a ku China ndi a ku East Germany anali mu Ghana, ndipo boma latsopano litangolowa linawapirikitsa. Ankalalikira boma limodzi la Africa yense lokhala ndi asilikali ake. Mu 1965 anatulutsa buku lakuti Neo-Colonialism: The Last Stage of Imperialism, lofotokoza momwe makampani ndi mabanki akunja amapitirizira kulamulira mayiko amene ali ndi mbendera zawo kale, ndipo linatchula CIA. Boma la America linakwiya, linapereka dandaulo kwa kazembe wa Ghana, ndipo thandizo limene Ghana inkayembekezera silinabwere. Mu Disembala chaka chomwecho Nkrumah anadula ubale ndi Britain chifukwa cholekerera Ian Smith ku Rhodesia. Asilikali ake ena anaopa kuti awatumiza kukamenya nkhondo kumeneko.

Chodabwitsa n'chakuti damu la Akosombo lomwelo linamangidwa ndi ngongole za World Bank, America ndi Britain, ndipo magetsi ake ambiri ankagulitsidwa motchipa ku fakitale ya aluminiyamu ya kampani ya ku America ya Kaiser. Munthu amene analemba buku lodzudzula utsamunda watsopano anasaina yekha mgwirizano umenewo, poti ndalama zina analibe kozitenga.

Nanga chuma chinagwa chifukwa cha iye kapena chifukwa cha akunja?

Zonse ziwiri. Ghana inalandira ufulu ili ndi ndalama zosungidwa kunja pafupifupi mapaundi 200 miliyoni, ndipo pofika 1966 inali m'ngongole. Dzikolo linkadalira koko monga momwe Malawi yadalirira fodya, ndipo mtengo wa koko pamsika wa dziko lonse unatsika koopsa mu 1965. Mtengowo sankauika ndi Nkrumah. Koma makampani ambiri a boma ankangodya ndalama osabweza, alimi a koko ankalipidwa zochepa kuti boma lipeze zomangira, ndipo pamene amayi ankaima pamizere kufuna shuga, mkaka ndi sopo, boma linkamanga chinyumba chachikulu chochitiramo msonkhano wa masiku ochepa wa OAU, bungwe la mayiko a mu Africa, chimene chinatchedwa Job 600.

Iye sanalowererepo m'mayiko a anzake?

Analowerera, ndipo om'konda sakonda kuikamba mbali imeneyi. Kuthandiza omenyera ufulu wa mayiko amene anali m'manja mwa atsamunda kunali poyera ndipo n'chifukwa chake Africa imam'kumbukira. Msonkhano wa ku Accra wa Disembala 1958 unasonkhanitsa anthu ngati Lumumba, Tom Mboya, Kamuzu ndi Kanyama Chiume. Guinea itakana ulamuliro wa France mu 1958, Ghana inalonjeza kuibwereka mapaundi 10 miliyoni. Robert Mugabe anaphunzitsako sukulu ku Ghana ndipo mkazi wake woyamba, Sally, anali wa kumeneko.

Koma m'misasa ya ku Ghana munkaphunzitsidwanso anthu otsutsa maboma a mayiko a Africa odzilamulira kale. Mu Epulo 1965 munthu wa chipani chotsutsa boma cha Sawaba anaponyera bomba Pulezidenti Hamani Diori wa ku Niger, ndipo chala chinaloza ku Accra. Atsogoleri angapo a mayiko olankhula Chifalansa, kuphatikizapo Félix Houphouët-Boigny wa ku Côte d'Ivoire, anakana kupita ku msonkhano wa OAU wa ku Accra chaka chimenecho. Choncho tsiku limene anagwa, si ku Washington ndi ku London kokha kumene anapumira m'mwamba.

Kodi nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife a kuno?

Kamuzu anakhala ku Kumasi akugwira ntchito ya udokotala kuyambira 1953 mpaka pamene anabwerera ku Nyasaland mu Julayi 1958. Anaona ndi maso ake momwe CPP inkayendetsera zinthu. Apayoniya athu anatengera dzina ndi chitsanzo ku Young Pioneers ya ku Ghana. Chipani chimodzi, ditenishoni, mayina aulemu, nkhope pa ndalama, zonsezi tinazionanso kuno, ndipo zinapitirira: upulezidenti wamuyaya mu 1971, Mikuyu, Dzaleka, imfa za ku Mwanza mu 1983.

Kusiyana kwake ndi kumene kumayankha funso la akunja bwino kuposa kalata iliyonse yachinsinsi. Nkrumah anakhala ndi chipani chimodzi zaka ziwiri, azungu n'kumutsekera mpopi. Kamuzu anakhala nacho kuyambira 1966 mpaka 1993, ali pa ubale ndi boma la tsankho la South Africa ndiponso wodana ndi chikomyunizimu, ndipo thandizo linkangobwera. Opereka thandizo anadzaimitsa mbali ina ya thandizolo mu Meyi 1992, Soviet Union itatha kale, mabishopu a Katolika atatulutsa kale kalata yawo ija ya mu Malichi. Ndende zinali zomwezo zaka zonsezo. Chimene chinasintha ndi chakuti Kamuzu sankafunikanso.

Amene anam'chotsawo anabweretsa ufulu?

Anatsegula ndende, n'kulowetsamo a CPP. Chipanicho anachiletsa. Kotoka anaphedwa mu Epulo 1967 pamene asilikali ena anayesa kulanda boma, ndipo bwalo la ndege la Accra linapatsidwa dzina lake. Busia anapambana chisankho cha 1969, asilikali anam'chotsa mu Januwale 1972. Kunabwera Acheampong, kenako Akuffo, kenako Jerry Rawlings mu 1979, amene boma lake linaombera Afrifa pamodzi ndi awiriwo. Rawlings analandanso boma kumapeto kwa 1981. Ghana inadzakhazikika pa ulamuliro wa zipani zambiri ndi malamulo a 1992, patapita zaka 26.

Ndiye yankho lanu ndi liti: wankhanza kapena wochitiridwa chiwembu?

Pofika 1964 anali wolamulira mwankhanza, m'tanthauzo lenileni la mawuwo: panalibe khoti, nyuzipepala, phungu kapena voti imene ikanamuletsa kanthu kapena kum'chotsa. Ndipo anachitiridwadi chiwembu ndi mayiko amene analibe nazo ntchito za ufulu wa Aghana. Mfundo ziwirizi sizifafanizana. Zimagwirana kumene, chifukwa mtsogoleri akatseka njira zonse zom'chotsera mwamtendere, imatsala ndi ya mfuti, ndipo njira ya mfuti ndi imene kazitape wakunja amaidziwa bwino. Kukopa anthu mamiliyoni pa chisankho n'kovuta. Kucheza ndi akuluakulu a asilikali ndi apolisi asanu okwiya n'kosavuta.

Anathera kuti, ndipo Aghana amam'kumbukira bwanji?

Sékou Touré anam'landira ku Conakry n'kum'patsa ulemu wokhala pulezidenti mnzake wa Guinea. Anakhala kumeneko akulemba mabuku ndi kuyembekezera kubwerera, koma Ghana sanaionenso. Anamwalira ndi khansa ku Bucharest, m'dziko la Romania, pa 27 Epulo 1972. Anaikidwa ku Nkroful, ndipo mu 1992 mafupa ake anawasamutsira ku manda aulemu pakati pa Accra, pamalo pamene analengezera ufulu. Mu 2012 African Union inaimika chiboliboli chake ku likulu lake ku Addis Ababa.

Kwawo mkangano sunathe, ndipo ndi wa pachibale. Nana Akufo-Addo, amene anakhala pulezidenti kuyambira 2017 mpaka 2025, ndi wa banja la Danquah, ndipo bambo ake, Edward Akufo-Addo, anali mmodzi wa oweruza atatu aja amene anapeza Adamafio ndi anzake osalakwa. Ngakhale tsiku la tchuthi lokumbukira amene anayambitsa dzikolo lakhala likusinthidwa malinga ndi chipani chimene chili m'boma: ena amati likhale tsiku lobadwa Nkrumah, 21 Seputembala, ena amati 4 Ogasiti, tsiku limene gulu la Danquah linakhazikitsidwa mu 1947.

Chiboliboli chija chimene anachigwetsa mu 1966 chili kumanda kwake ku Accra. Anachiimika monga momwe chinalili, chopanda mutu. Mutuwo unapezeka patapita zaka zambiri, ndipo sanaulumikize, anauika pambali pake pa kamwala kakekake.